Ndinayesa kuyanjanitsa ana m'malo mwa suspension, pano mtsikana wasiya kubwera kusukulu. Ndinalakwitsa pati?

ChokoMmanja:
Abale anzanga pagulu pano, makamaka aphunzitsi ndi makolo, ndithandizeni nzeru chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ine ndimaphunzitsa pa CDSS ina kuno ku Lilongwe, dzina sinditchula, komanso ndikuchita masters ya pa weekend ndipo kafukufuku wanga ndi wa zimene amati restorative justice m'masukulu. Mwachidule ndiye kuti mwana akalakwira mnzake, m'malo mothamangira chibalo kapena kumubweza kunyumba, mumakhazika pansi wolakwa, wolakwiridwa ndi ena okhudzidwa n'kufunsana kuti chinachitika n'chiyani, wapwetekedwa ndani, nanga tichite chiyani kuti zikonzeke. Papepala zimakoma zedi.

Ndiye teremu ino mnyamata wa Form 3 anatenga calculator ya mtsikana wa Form 2 m'chikwama nthawi ya break n'kukagulitsa. Mtsikanayo anamuona, anakanena. A discipline committee anati masabata awiri kunyumba, pobwera abwere ndi kholo. Ine ndinapempha ahedi kuti tiyeseko njira inayi, anandilola koma monyinyirika. Tinakhala mu staffroom ana ataweruka, mipando mozungulira, mnyamata ndi mayi ake, mtsikana ndi amalume ake, ine ndi adeputy. Mnyamata anavomera, mayi ake analira mpaka kugwada pansi, analonjeza kugula ina mwezi ukatha. Amalume anati ife kwathu nkhani yatha, ana ndi ana. Nditamufunsa mtsikana anangoti "ndamukhululukira" maso ali pa simenti. Anagwirana chanza, ine ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndatenga chikho, mpaka ndinalemba mu notsi za kafukufuku kuti zatheka.

Pano ino ndi sabata yachiwiri mtsikana uja sakubwera. Calculator anaguladi, ili mu drowa yanga. Mnyamata akubwera tsiku ndi tsiku, akuseka ndi anzake bwinobwino. JCE yayandikira. Ndinalakwitsa pati? Nanga mu kafukufukumu ndilembe zotani?

Chimkwapulo:
Munalakwitsa tsiku lomwe munasiya ndodo aphunzitsi kkkk. Ife nthawi yathu wakuba ankakumba dzenje lofika m'khosi, akamaliza amuuze kuti kwirira. Palibe ankabwereza.

Mayi_a_Mapasa:
Palibe ankabwereza kapena anangophunzira kuba mosagwidwa? Enanu munakumba maenje mpaka sukulu yonse inali ngati munda wa nthochi koma onani dziko lomwe m'badwo wanu ukuyendetsa.

Chimkwapulo:
Mayi mwayamba ndale tsopano, ine ndakhala pansi

HediWopuma:
Aphunzitsi, poyamba ndikuthokozeni kuti mwanena poyera kuti zinakanika, ambiri akanangolemba kuti zatheka n'kukalandira digiri. Ine ndinakumbitsa ana maenje, kuzulitsa zitsa, kutchetchetsa bwalo la mpira, zaka zambirimbiri, ndipo ndikuuzeni achimwene a Chimkwapulo kuti mayina omwe ankapezeka mu punishment book mu Januwale ndi omwewo ankapezeka mu Julaye. Ndiye za ndodo tizisiye.

Kulakwitsa kwanu ndakuona pawiri. Choyamba munayamba ndi msonkhano. Kumudzi kuno mlandu suyamba ndi bwalo ayi. Ankhoswe amayamba ayenda kaye, lero khomo ili mawa khomo ilo, kumva kuti uyu mtima wake uli pati, akufuna chiyani, akuopa chiyani, ndiye tsiku la bwalo likamafika zambiri zimakhala zapsa kale. Inu munaphika nsima madzi asanatenthe. Mtsikanayo munayenera kukhala naye payekha, kapena kumupezera madam amene amamasuka naye, n'kumufunsa ngati akufuna n'komwe kuonana ndi mnyamatayo maso ndi maso.

Chachiwiri ndi mayi aja ogwada. Taganizani, mwana wa Form 2, mwina zaka 14 kapena 15, mayi wamkulu msinkhu wa mayi ake wagwada patsogolo pake akulira, amalume ake omwe mwina ndiwo amalipira fizi anena kale kuti nkhani yatha, adeputy ali pomwepo, inu amene mumachonga mayeso ake muli pomwepo. Akanati chiyani? Mwana woleredwa bwino wa Chichewa sangati "ayi sindinakhululuke" pamenepo. Mawu aja sanali ake, munamutulutsa ngati mmene timafinyira mankhwala otsukira mano.

ChokoMmanja:
Ahedi mwandibaya koma ndi zoona. Sindinakumane naye payekha, ndinangomuuza kuti Lachinayi ubwere ndi kholo. Ndimaona ngati poti iye ndi wolakwiridwa ndiye palibe choopa.

NaKawale_92:
Wolakwiridwa ndi amene amaopa kwambiri aphunzitsi. Ine ndili Form 1 ku boarding, mtsikana wina wa Form 4 ankandichapitsa zovala zake ndi kundilanda shuga ndi chiponde, teasing ija mukuidziwa. Nditatopa ndinakanena kwa matron, anatiitana tonse, kupemphera, kuti pepesanani, ndinaonjezeredwa kuti nanenso ndipepese chifukwa chomunenera wamkulu, tinakumbatirana matron akumwetulira. Usiku womwewo ndinapeza matiresi anga athiridwa madzi. Teremu yonse dzina langa linali kapirikoni. Ndiye funso langa kwa inu ndi loti mukudziwa zomwe zikuchitika kuseri kwa zimbudzi ndi panjira poweruka? Nkhani mwina si calculator. Mnyamatayo ali ndi anzake, ndipo anzakewo sanali mu staffroom mwanumo.

Wakabaza23:
Ine ndiima ndi aphunzitsiwa, musawanyoze. Ineyo ndinapatsidwa suspension ndili Form 3, nkhani ya ndewu, masabata awiri pobwera ubwere ndi kholo. Kholo lake liti, bambo anali ku Joni mayi akudwala kumudzi ku Mitundu, ine ndikukhala ndi achimwene omwe anati ine sindingajombe ku ntchito chifukwa cha ndewu zako. Masabata awiri anasanduka mwezi, mwezi unasanduka chaka, pano ndili pa stage ndikudikira makasitomala dzuwa lili pamutu. Yemwe ndinamenyana naye uja timakumana, timapatsana moni, tinagwirizana tokha kalekale, koma sukulu ndiye inapita. Akanapezeka mphunzitsi mmodzi wotikhazika pansi bwenzi ndili ndi MSCE. Ndiye mnyamatayo kukhala akubwera kusukulu si chinthu choipa ayi.

NaKawale_92:
Palibe wanena kuti n'choipa achimwene. Koma mmodzi ali m'kalasi wina ali kunyumba, ndipo ali kunyumbayo ndi amene anaberedwa. Mwaona pamene pakupweteka?

Wakabaza23:
Ndaona asisi. Apo ndiye sindikana.

BomaNdiMalamulo:
Ndiponyepo za malamulo pang'ono chifukwa ena akuona ngati izi ndi nzeru za aphunzitsi okha. Za kukwapula, gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa chilango chomenya pa milandu ya kukhoti ndi pa zochitika zina zilizonse za nthambi za boma, ndipo unduna wa maphunziro sulola mphunzitsi kumenya mwana. Chachiwiri tili ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, limene linabweretsa makhoti a ana komanso njira yopatutsa mlandu, ija amati diversion. Mwana akapalamula mlandu waung'ono, monga kuba kanthu ngati kameneka, ndipo akuvomera yekha popanda kuumirizidwa, apolisi kapena khoti akhoza kuuchotsa mlanduwo pa njira ya kukhoti, mwana n'kupepesa, kubweza, kulandira uphungu kapena kukumana ndi wolakwiridwa pamaso pa mabanja. Cholinga chake mwana asakathere kumalo osungirako ana opalamula ku Mpemba kapena ku Chilwa chifukwa cha kanthu kakang'ono. Ndiye ngati boma lenilenilo limapatutsa, sukulu ingalephere bwanji?

Koma chonde, ndikupempha aphunzitsi nonse muli pano. Nkhani yogwiririra, kugwiragwira ana, mphunzitsi kuchita chibwenzi ndi mwana wasukulu, zimenezo si zokhazika anthu mozungulira n'kupepesana ayi. Zimenezo ndi za ku polisi ku Victim Support Unit ndi kwa a social welfare, kapena imbani 116 ndi yaulere. Ndaonapo nkhani zotere zikuthera pa mbuzi ndi thumba la chimanga, makolo n'kumati tagwirizana, mwana ali pakona akunjenjemera.

Mayi_a_Mapasa:
Ameni pamenepo. "Tikambirana pachibale" yawononga atsikana ambiri m'dziko muno.

Mnyamata_wa_pa25:
Koma calculator pano ikupanga zingati mtauni? Mwana wanga akufuna ya scientific, ndinapita mu Area 2 mtengo wake ndinangoseka n'kutuluka

Chimkwapulo:
Pitani ku msika wa Tsoka, mwina mukapezako ya mtsikanayu kkkkk

Mnyamata_wa_pa25:
Kkkk aise ndiwe woipa. Koma zinazi n'zabodza, umadina 7 ikulemba 1, mwana n'kulephera masamu osadziwa chifukwa

Wakabaza23:
Ngati ma striker a Silver, kulozera kwina mpira kupita kwina

Mnyamata_wa_pa25:
Iwe usayambe, wa Bullets alibe pakamwa kuno ku Lilongwe

Woyang'anira_Gulu:
Amuna inu za mpira kuli gulu lake. Mwana ali kunyumba JCE ikubwera, tibwerere ku nkhani.

MdzukuluWaGulupu:
Ine chomwe chimandinyansa n'choti zinthu zathu zomwe, azungu akazipatsa dzina la Chingerezi timayamba kuzichitira masters. Agogo anga anali agulupu, ndakula ndikuona milandu pansi pa mtengo wa kachere, wakuba mbuzi, wodyetsa ng'ombe m'munda mwa mnzake, onse ankakambirana, kulipa nkhuku kapena mbuzi, n'kumwera limodzi thobwa. Palibe ankapita kundende. Umunthu basi. Lero mukuti restorative chani chani.

Mphunzitsi_wa_Aphunzitsi:
Mukunena zoona theka, akulu. Ngakhale kunja komweko amavomera kuti anatengera kwa eni nthaka. Ku New Zealand lamulo lawo la ana la 1989 linabweretsa misonkhano ya mabanja pa milandu ya achinyamata, ndipo linabwera a Maori atadandaula kwa nthawi yaitali kuti makhoti a boma akuwalanda ana osafunsa mabanja ndi mafuko awo. Ku Canada nkhani yomwe amaitchula ngati chiyambi ndi ya 1974 m'katauni ka Elmira ku Ontario, anyamata awiri ataledzera anaswa mawindo ndi kuboola matayala pa malo 22 usiku umodzi, woweruza n'kuvomera kuti ayende khomo ndi khomo kukaonana ndi eni katundu ndi kulipira. Ku South Africa a Desmond Tutu ankalankhula za ubuntu nthawi ya komiti ija ya choonadi ndi kuyanjana. Ndiye inde, ife sitikuphunzira zachilendo.

Koma theka linalo ndi ili. Pa bwalo la agogo anu, mwana wamkazi wa zaka 14 ankalankhula? Ankamulankhulira ndi amalume, nkhuku ya chindapusa ankalandira ndi amalume, ndiwo n'kudyera limodzi akuluakulu. Bwalo lathu limayanjanitsa mabanja, ndipo limatha ntchito imeneyo bwino kwambiri, koma kusukulu amene akuyenera kukhala pa desiki limodzi mawa m'mawa si mabanja, ndi ana awiri. Zomwe zinachitika mu staffroom mwa a ChokoMmanja ndi bwalo la kumudzi ndendende: akulu anagwirizana, mwana anangovomera. Ndiye tikatenga zakwathu titenge ndi maso otsegula.

MdzukuluWaGulupu:
Hmm. Agogo akazi ndiwo ankamva za atsikana kuseri, kenako n'kukawanong'oneza agogo aamuna usiku. Sikuti mwana sankamveka.

HediWopuma:
Eyaa, ndiye mwabwera pa mawu anga aja. Panali munthu wa kuseri. Kusukulu munthu wa kuseriyo ndi ndani? Ndi pamene pali ntchito ya mother group, kapena madam wa Life Skills.

Madam_Std7:
Ine ndikuwerenga ndikungopukusa mutu. Zonsezi n'zabwino koma muzichita nthawi yanji? Kalasi langa muli ana 118, ena amakhala pansi, chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 makalasi a mtauni muno sanapumepo. Pa tsiku milandu imabwera khumi, wandibera pensulo, wanditukwanira mayi anga, wandiponda dala. Ndikati aliyense ndimuyendere ngati nkhoswe ndiye silabasi ndimaliza chaka cha mawa, PEA, mlangizi woyendera sukulu za pulayimale uja, akabwera safunsa kuti mwayanjanitsa angati, amafuna schemes ndi lesson plan. Ndiye kutchetcha kumathandiza chifukwa ndi mphindi imodzi, tenga chikwakwa pita.

Mphunzitsi_wa_Aphunzitsi:
Madam simukunama ndipo aliyense wophunzitsa zimenezi ku koleji osatchula za kuchuluka kwa ana akunamiza ophunzira ake. Ine ndimawauza ma student teacher anga kuti msonkhano waukulu wa makolo ndi wa nkhani zochepa, mwina ziwiri zitatu pa teremu. Za pensulo zija zimangofuna kusintha funso. M'malo mwa "wachita dala eti, ukudziwa lamulo?" mumafunsa "chachitika n'chiyani, mnzakoyu wamva bwanji, ukonza bwanji?" muli chiimire pakhomo la kalasi, mphindi ziwiri. Ndipo ndimawachititsa sewero, wina akhale wakuba wina woberedwa wina mayi wolira, chifukwa ukangowalembera notsi pa bolodi amaloweza n'kukhoza mayeso koma tsiku loyamba mwana akawayankha mwano dzanja limapita lokha ku ndodo. Chimene ndaona n'choti pa sewerolo aliyense amafuna kukhala woyanjanitsa, ndipo onse amalankhula kwambiri, amalalikira. Kukhala chete n'kudikira mwana ayankhe ndiye phunziro lovuta kuposa onse.

Madam_Std7:
Za mphindi ziwirizo ndiyesa. Koma chikwakwa sinditaya kaye, udzu nawo wakula kkk

Chimkwapulo:
Funso langa lenileni tsopano, nthabwala pambali. Umboni ulipo kuti zimagwira? Kapena ndi za ma workshop zodyera ma allowance ku Salima?

Mphunzitsi_wa_Aphunzitsi:
Funso labwino kuposa la dzenje lija. Ulipo koma si wa chikondwerero. Ku Pittsburgh ku America bungwe la RAND linatenga masukulu 44, theka anayesa njirayi theka ayi, anasankha mwamaere, zotsatira zinatuluka mu 2018. Ma suspension anatsika ndipo aphunzitsi ankati sukulu zakhala malo abwinoko, koma ana a magiredi 6 mpaka 8 makhozedwe awo anatsikako. Ku England anayesa m'masekondale 40 kwa zaka zitatu, zotsatira zinatulukanso mu 2018, kuzunzana kwa ana kunachepa koma pang'ono, osati kutheratu. Ndiye si mankhwala ochiza zonse. Ndipo kumeneko kalasi ndi ana ochepa, ali ndi alangizi olembedwa ntchito, sizingafanane ndi kalasi la Madam_Std7. N'chifukwa chake kafukufuku wa pa CDSS ya ku Lilongwe ndi wofunika, bola anene zoona.

A ChokoMmanja, pa funso lanu lachiwiri lija. Mulembe zomwe zachitika, kuti msonkhano unatha ndi kugwirana chanza ndipo mwana anasiya sukulu. Imeneyo ndiye data yanu yamtengo wapatali kuposa mafomu zana olembedwa "ndakhutira". Koma pali zina zondidetsa nkhawa. Chilolezo cha komiti ya ethics, ija yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu, ya ku yunivesite kwanu kapena ku NCST, bungwe la boma loona za sayansi, munatenga musanayambe kulemba notsi za ana amenewa? Makolo anasaina? Anawo paokha anavomera, ndipo anauzidwa kuti akhoza kukana popanda kuwakhudzira malikisi? Chifukwa kuyanjanitsa ana ngati mphunzitsi ndi nkhani ina, kuwalemba mu thesis ndi nkhani inanso. Ndipo inu mwavala zipewa zitatu, ndinu mphunzitsi wawo, ndinu woyanjanitsa, ndinunso wofufuza amene mukufunitsitsa kuti zitheke. Mwana si wopusa, amaona nkhope ya sala kuti akufuna yankho liti, n'kukupatsani lomwelo.

ChokoMmanja:
Chilolezo cha ethics ndili nacho ndi kalata ya ku division, koma kunena zoona chinali cha mafunso kwa aphunzitsi ndi ma focus group a ana, kuja kocheza nawo m'timagulu, za msonkhano uwu sizinalimo, unangobwera ine n'kuona mwayi. Ndikuona kuti ndiyenera kubwerera kwa supervisor. Za zipewa zitatu ndiye mwandigwira, ndinkafuna zitheke kuti ahedi aone.

WaUNIMA_Chaka4:
Ndiwonjezereko za focus group, ife tinachitako ya project ndi ana a sekondale. Mukasakaniza anyamata ndi atsikana, atsikana amangoseka n'kubisa nkhope, amalankhula ndi anyamata awiri okhaokha, nthawi zambiri ma prefect. Tinawagawa, komanso tinachoka m'kalasi n'kukakhala pansi pa mtengo, mphunzitsi wawo osakhalapo, apo ndiye zinatuluka. China chomwe chinatithandiza, tinawapatsa pepala kuti ajambule mapu a sukulu n'kuika chizindikiro pomwe saamva bwino kudutsa. Onse anaika kuseri kwa zimbudzi, pa mjigo ndi kanjira kotulukira kumpanda, malo omwe mphunzitsi safika. Ndipo mafunso ena analemba ndi anawo, ife tinali titalemba zoti "kodi chilango n'chokwanira" iwo anati funsani kuti "ukanena, chimakuchitikira n'chiyani". Musajambule mawu pa foni yomwe ana anu amaseweretsa kunyumba, ndipo mu lipoti musinthe mayina ngakhale kalasi, pa CDSS aliyense amadziwa kuti wa calculator ndi ndani.

NaKawale_92:
"Ukanena chimakuchitikira n'chiyani." Funso limenelo ndikanafunsidwa ine ndili Form 1 bwenzi ndikulira mpaka mawa.

Mayi_a_Mapasa:
Koma inu nonse mukutchula restorative restorative, kwa amalume aja munawauza kuti chiyani m'Chichewa? Chifukwa mukangoti "tikufuna akhululukirane" basi mwawauza kale yankho.

ChokoMmanja:
Ndinati tikufuna tiwayanjanitse.

Mayi_a_Mapasa:
Ndiye pamenepo. Kuyanjanitsa timayanjanitsa anthu omwe ayambana, onse awiri ali ndi mbali. Apa wina anaba wina anaberedwa, ayanjane chiyani? Mtsikanayo anamva ngati naye ali ndi mlandu.

MdzukuluWaGulupu:
Kwathu timati kukonza mlandu. Kapena kulipa. Wolakwa amalipa, mawu ake ndi omwewo.

BomaNdiMalamulo:
Ena amati chilungamo chobwezeretsa ubale, koma ndi lalitali ngati chikalata cha ku Capital Hill, kumudzi palibe angalitchule.

HediWopuma:
Ine ndingati kukonza cholakwika, basi. Kukhululuka kusakhalemo m'dzinamo. Kukhululuka ndi mphatso ya mwini wake, akafuna apereka chaka cha mawa, akapanda kufuna ayi. Chomwe sukulu ingaumirize ndi chakuti wolakwa akonze zomwe waononga ndipo wolakwiridwa abwerere m'kalasi mopanda mantha. Tikasakaniza ndi za kutchalitchi zoti ukapanda kukhululuka ndiwe wochimwa, timasenzetsa katundu mwana yemwe waberedwa kale.

Mlaliki_wa_Biwi:
Ahedi apo ndikutsutsaniko pang'ono, kukhululuka timaphunzitsa ndithu ndipo kumamasula mtima wa mwini wake. Koma ndivomere kuti kokakamiza si kukhululuka, ngakhale Zakeyu anayamba wanena zobweza kaye.

Chimkwapulo:
Zakeyu anabweza kanayi, mnyamatayu agule ma calculator anayi basi nkhani ithe, imodzi apatse Mnyamata_wa_pa25

Mnyamata_wa_pa25:
Ndavomera chigamulo kkkk

Mayi_a_Mapasa:
Aphunzitsi, zolemba zanu zidikire. Mawa m'mawa pezani mayi mmodzi wa mother group mupite kwawo kwa mwanayo. Inu mukafika mupereke moni kwa akuluakulu n'kukhala panja, mayiyo ndiye alowe naye kuseri. Musatenge calculator ngati mukukapereka mphoto, ndipo musakafunse kuti bwanji sukubwera ngati mlandu. Mwinanso si za mnyamatayo n'komwe, atsikana amajomba pa zifukwa zambiri zomwe sangauze sala wamwamuna.

ChokoMmanja:
Ndabwera ndi ndemanga abale, pepani ndinasowa masiku awiri, magetsi kwathu anazima foni inathera moto. Tinapita dzulo ndi mayi wina wa mother group monga munanenera. Ine ndinakhala pakhonde ndi amalume tikukamba za mtengo wa feteleza pafupifupi ola lathunthu, iwo ali kuseri kukhitchini akusenda mbatata.

A NaKawale munalondola. Nkhani si calculator. Tsiku lotsatira msonkhano uja anzake a mnyamatayo anayamba kumuimbira "CID, CID" akamadutsa, wina analemba pa desiki lake ndi choko, ndipo choipitsitsa anafalitsa zoti calculator anachita kumupatsa yekha mnyamatayo chifukwa anali pachibwenzi, ndiye atakanidwa ndi pomwe anakanama kuti waberedwa. Poti mnyamatayo sanalandire chilango chooneka ndi maso, ana ena anakhulupirira kuti ndiye kuti aphunzitsi apeza kuti mtsikanayo ndi wabodza. Msonkhano wathu unali wachinsinsi mu staffroom, kalasi silinamve kuti mnyamata anavomera. Ine ndinkaona ngati ndikumuteteza, chonsecho ndinamusiya pa mtetete.

Mayi aja atamufunsa kuti ukufuna chichitike n'chiyani, anati safuna mnyamatayo achotsedwe sukulu, safunanso kukhala naye pa msonkhano wina. Akufuna anene yekha pamaso pa Form 2 yonse kuti anaba ndipo za chibwenzi n'zabodza, iye asakhalepo tsiku limenelo, abwere mawa lake. Ndipo akufuna asinthidwe malo akhale kutsogolo pafupi ndi mnzake wina. Basi. Zinthu zoti ndikanamufunsa poyamba paja bwenzi zitatha kale.

Lero ndakhala ndi mnyamatayo payekha. Poyamba amati iye sananene za chibwenzizo ndi anzake, ndinamufunsa kuti nanga unawatsutsa? Anakhala chete nthawi yaitali, ine n'kudzigwira osalalikira monga ananenera aphunzitsi a aphunzitsi, zinali zovuta bwanji. Kenako anati akuopa kuti akakaima kutsogolo adzamutcha wakuba mpaka Form 4. Sanavomere, sanakane, wati andiyankha Lolemba.

Wakabaza23:
Ameneyo mumulimbitse mtima, kuima kutsogolo mphindi imodzi n'kosavuta kuposa kuima pa stage zaka zisanu ndi ziwiri. Ngati mukufuna ndibwere ndidzamuuze ndekha, sindilipiritsa.

BomaNdiMalamulo:
Koma samalani isasanduke yochititsa manyazi pa assembly, kalasi limodzi lokha monga wanenera mtsikanayo, mawu ake mugwirizane kaye, ndipo mayi ake adziwe. Nanga anzake oimba CID aja? Iwonso ali ndi chokonza, asatsale akuseka kumbuyo.

NaKawale_92:
Nanga akakana Lolemba?

ChokoMmanja:
Akakana ndibwerera kwa ahedi ndi a discipline, ndipo kalasi ndikaliuza ndine kuti nkhani inafufuzidwa ndipo mtsikanayo ananena zoona, chimenecho sichidikira chilolezo cha mnyamata. Anzake aja ndi anayi, mayina ndili nawo, ndiwaitana mmodzimmodzi osati pagulu. Notsi zomwe waphonya masabata awiriwa anzake awiri akumukopera, ndakapereka makope dzulo lomwelo. Kwa supervisor ndapita kale pa WhatsApp, wangoyankha kuti "tikumane Loweruka, ubwere ndi consent form zako zonse", ndiye kumenekonso kuli mlandu wanga.

HediWopuma:
Tsamba lija munalemba kuti "zatheka" musang'ambe. Mulembe deti la dzulo m'munsi mwake n'kupitiriza.

Madam_Std7:
Lolemba mutiuze. Ine lero ndayesa za mphindi ziwiri zija pa nkhani ya rula, wolakwa wangondiyang'ana n'kufunsa kuti madam ndiye chikwakwa ndikatenge kapena ayi